Momwe mungakonzere kugwa kwa kernel kobwera ndi NULL pointer m'gawo loyeretsa la mayeso

Mayeso a kernel (mtima wa Linux, umene umayendetsa makina) amene munalemba akuyenda bwino pa makina anu, koma mukawayendetsa mu QEMU (pulogalamu yoyerekezera kompyuta ina mkati mwa yanu) kapena pa kompyuta ya mnzanu kernel ikugwa, ndipo mzere umene uthenga wa kugwako ukuloza suli m'mayeso enieniwo, koma mu function ya `exit`, imene ntchito yake ndi kungobweza zinthu zimene mayeso anabwereka. Anthu ambiri akaona zimenezi amathamangira kuika `if (!ptr) return;` pamwamba pa mzere wogwetsawo kuti function ibwerere ngati pointer ili NULL (kutanthauza kuti ndi 0, siloza paliponse), n'kuyendetsanso mayeso, ndipo akaona kuti kernel sinagwe amaganiza kuti ntchito yatha. Pakapita masabata angapo vutolo limatulukira pamzere wina, kapena memory imayamba kutayika mwakachetechete.

Gwero la vutoli kawirikawiri limakhala limodzi: gawo loyeretsa (`exit`) linalembedwa ngati kuti gawo lokonzekera (`init`) limafika kumapeto nthawi zonse, pamene zoona zake n'zakuti likhoza kuima panjira. Malangizo awa akugwiritsa ntchito KUnit, njira yoyesera khodi ya Linux imene inalowa mu kernel 5.5 m'chaka cha 2020.

## Zimene mukufunika musanayambe

- Khodi yonse ya Linux yokhala ndi mbiri yake ya git, pamodzi ndi gcc kapena clang.
- Python 3, chifukwa `kunit.py`, pulogalamu yoyendetsa mayeso a KUnit, imayenda ndi imeneyo, komanso QEMU.
- Mapulogalamu awiri amene ali kale mu foda ya `scripts`, omwe ndi `faddr2line` ndi `decode_stacktrace.sh`.
- Pulogalamu ya `pahole`, imene imasonyeza malo amene chinthu chilichonse chili mkati mwa struct.
- Uthenga wonse wa kugwa kwa kernel, kuyambira mzere woyamba, osati mizere khumi yomalizira yokha.

Musayendetse mayeso amene akugwetsa kernel pa kompyuta imene mumagwirirapo ntchito mwachindunji. Ntchito yonseyi ichitikire mu QEMU.

## Gawo 1: Bwerezani kugwako ndi gulu limodzi la mayeso

Yendetsani gulu lokhalo limene likugwa, ndipo mangani kernel yokhala ndi uthenga wothandiza kufufuza zolakwika:

```
./tools/testing/kunit/kunit.py run --arch=x86_64 --raw_output=all \
  --kconfig_add CONFIG_DEBUG_KERNEL=y \
  --kconfig_add CONFIG_DEBUG_INFO_DWARF5=y 'chitsanzo*'
```

Zonse zimene kernel yalemba zimasungidwa mu `.kunit/test.log`, ndipo kernel yomangidwayo imakhala mu foda yomweyo ya `.kunit`.

Chenjezo: mukapanda kutchula `--arch`, `kunit.py` imagwiritsa ntchito User Mode Linux, imene imayenda ngati pulogalamu wamba ndipo imasiyana ndi kernel ya x86_64 pa zinthu zambiri, kotero kuti kugwa kumene mukufunako kukhoza kusaoneka n'komwe. Ndiponso ngati mu fayilo muli mauthenga angapo a kugwa, werengani woyamba. Enawo nthawi zambiri amakhala zotsatira chabe za woyambayo.

## Gawo 2: Werengani adiresi imene yagwetsa kernel

Apa ndi pamene anthu ambiri amadutsa mothamanga, chonsecho nambala imodzi ikhoza kukuuzani theka la nkhani yonse. Pa x86_64 uthengawo umaoneka motere:

```
BUG: kernel NULL pointer dereference, address: 0000000000000008
RIP: 0010:chitsanzo_exit+0x12/0x40
```

Pa arm64 mawu ake ndi `Unable to handle kernel NULL pointer dereference at virtual address`, koma tanthauzo ndi lomwelo. Adiresi ya 8 sikutanthauza kuti pointer inali ndi nambala 8. Ikutanthauza kuti pointer inali NULL, ndipo khodi inayesa kuwerenga chinthu chimene chili pa mtunda wa ma byte 8 kuchokera pachiyambi pa struct. Mukalemba `pahole -C chitsanzo_ctx .kunit/vmlinux` muona chinthu chimene chili pamalo amenewo, ndipo mudziwa msanga kuti struct imene inali NULL ndi iti.

Si adiresi iliyonse yogwetsa kernel m'gawo loyeretsa imene imachokera ku NULL, ndipo mankhwala ake amasiyana. Adiresi ikakhala `fffffffffffffff4` kapena pafupi nayo, ganizirani za pointer yonyamula nambala ya cholakwika: `ENOMEM` ndi 12, ndipo -12 pa makina a 64-bit amalembedwa choncho. Kernel imasunga ma adiresi 4095 omalizira kuti azigwira ntchito imeneyi, ndipo pointer yotere si NULL, kotero `if (!ptr)` sidzaigwira. Mukaona `dead000000000100` kapena `dead000000000122`, ndiye kuti chinthucho chinachotsedwa kale pa mndandanda ndi `list_del` ndipo wina akuyesa kuchigwiritsanso ntchito. Mukaona `6b6b6b6b6b6b6b6b` pamene `slub_debug` (njira ya kernel yofufuzira memory) yayatsidwa, memory imeneyo inabwezedwa kale.

Pali msampha wina umene unandidyera tsiku lathunthu. Adiresi inali `fffffffffffffff0`, ndipo ndinalimbikira kufunafuna function imene inabweza -16, yomwe ndi `EBUSY`. Kunalibe function yotero. Inali NULL imene inadutsa mu `container_of`, ndipo `container_of` imachotsera pointer mtunda wa chinthucho mkati mwa struct, kotero 0 kuchotsa 16 kunapereka nambala yofanana ndi ya cholakwika. Musamalize kugamula pongoona adiresi yokha musanaone mzere wa khodi.

Ngati KASAN, chida cha kernel chogwira zolakwika za memory, yayatsidwa, uthengawo umasintha maonekedwe: mukhoza kuona `general protection fault` ndi adiresi yoyamba ndi `dffffc`, kenako mzere wonena kuti `KASAN: null-ptr-deref in range`. Nambala zimene zili mu mzere wachiwiriwu ndi zimene muyenera kuwerenga.

## Gawo 3: Pezani mzere weniweni wa khodi

Tengani zimene zili pa mzere wa `RIP`, umene umasonyeza pamene kernel inali pogwa, ndi kuzipereka kwa `faddr2line`:

```
./scripts/faddr2line .kunit/vmlinux chitsanzo_exit+0x12/0x40
```

Ngati mukufuna kumasulira uthenga wonse nthawi imodzi, gwiritsani ntchito `./scripts/decode_stacktrace.sh .kunit/vmlinux < .kunit/test.log`. Nthawi zina `RIP` imaloza mkati mwa function ya kernel monga `kthread_stop` kapena `destroy_workqueue`, ndipo zikatero cholakwa sichili mu function imeneyo. Tsikani pa `Call Trace` mpaka mutapeza function ya mayeso anu imene inaiitana ndi pointer yopanda kanthu. Mizere yoyamba ndi chizindikiro cha funso ndi ma adiresi amene anangopezeka pa stack, ndipo musaidalire.

Chenjezo: `vmlinux` iyenera kukhala yomweyo imene inagwa. Mukasintha ngakhale mzere umodzi n'kumanganso, manambala akhoza kusuntha ndipo chida chikhoza kukulozerani mzere wolakwika.

## Gawo 4: Lembani makomo onse otulukira mu init

Mu KUnit, function ya `exit` imayenda ngakhale `init` italephera, ngakhale `KUNIT_ASSERT` itaimitsa mayeso panjira, ngakhalenso mayeso atadumphidwa ndi `kunit_skip`. Zolemba za KUnit zimachenjeza za zimenezi, koma ambiri amazizindikira kernel itagwa kale. Taonani chitsanzo ichi:

```
struct chitsanzo_ctx {
	struct workqueue_struct *wq;
	struct task_struct *thread;
	struct list_head items;
};

static int chitsanzo_init(struct kunit *test)
{
	struct chitsanzo_ctx *ctx;

	if (num_online_cpus() < 2)
		kunit_skip(test, "pakufunika ma CPU awiri");

	ctx = kunit_kzalloc(test, sizeof(*ctx), GFP_KERNEL);
	KUNIT_ASSERT_NOT_NULL(test, ctx);

	ctx->wq = alloc_workqueue("chitsanzo", 0, 0);
	if (!ctx->wq)
		return -ENOMEM;

	ctx->thread = kthread_run(ntchito, ctx, "chitsanzo");
	if (IS_ERR(ctx->thread))
		return PTR_ERR(ctx->thread);

	INIT_LIST_HEAD(&ctx->items);
	test->priv = ctx;
	return 0;
}

static void chitsanzo_exit(struct kunit *test)
{
	struct chitsanzo_ctx *ctx = test->priv;

	kthread_stop(ctx->thread);
	destroy_workqueue(ctx->wq);
}
```

Function ya `init` imeneyi ili ndi makomo asanu, ndipo `test->priv` imapatsidwa mtengo pa khomo lomaliza lokha. Pa makomo anayi oyambirira `exit` imalandira NULL, imayesa kuwerenga `ctx->thread`, imene ili pa byte ya 8, ndipo kernel imagwa ndi adiresi yomwe ija tinaona m'gawo lachiwiri. Chifukwa chimene mayeso amayendera bwino pa makina anu chikuonekanso: kompyuta yanu ili ndi ma CPU ambiri, pamene QEMU imayamba ndi CPU imodzi ngati simunaiuze `-smp`, kotero `kunit_skip` imagwira ntchito kumeneko kokha.

Tengani pepala, lembani khomo lililonse, ndipo pambali pake mulembe zimene zinali zitapangidwa kale pofika pamenepo. Musaiwale kuti `KUNIT_ASSERT` iliyonse ndi khomo, ngakhale ilibe mawu akuti `return`, kuphatikizapo zimene zabisika mu ma function othandizira amene `init` imaitana. Mukachita zimenezi muona chifukwa chake `if (!ctx) return;` payokha si yankho lokwanira: pa khomo lachinayi workqueue (mzere wa ntchito zodikira kuti kernel izichite) inali itapangidwa kale, ndipo `exit` ikangobwerera osachita kanthu, workqueue imeneyo idzatsala mpaka kernel itazimitsidwa.

## Gawo 5: Dziwani ma function amene amalola NULL

Palibe lamulo limodzi lokhudza ma function onse obwezera zinthu mu kernel. `kfree`, `vfree`, `kmem_cache_destroy`, `kobject_put` ndi `put_device` zimalandira NULL n'kubwerera mwamtendere. `destroy_workqueue`, `kthread_stop`, `fput` ndi `device_unregister` sizitero, ndipo zimagwa nthawi yomweyo. Komanso `kfree`, ngakhale imalola NULL, silola pointer yonyamula nambala ya cholakwika.

Mbali yopanga zinthu nayonso ili chimodzimodzi: `alloc_workqueue` ndi `kzalloc` zikalephera zimabweza NULL, pamene `kthread_run` imabweza pointer ya cholakwika. Musadalire kukumbukira kwanu, ndipo musadalire mndandanda uwu kuposa khodi imene ili patsogolo panu. Tsegulani function iliyonse ndi `git grep` muone mizere yake yoyambirira.

## Gawo 6: Mangirirani kuyeretsa ku chinthu chilichonse chikangopangidwa

Njira imene ndimaiona kuti ndi yolimba ndi kuchotsa ntchito yoyeretsa mu `exit` n'kuipereka kwa KUnit yeniyeniyo. Kuyambira pa kernel 6.5 pali `kunit_add_action` ndi `kunit_add_action_or_reset`, zimene zimalembetsa function yoti idzaitanidwe mayeso akatha, mwanjira ina iliyonse imene athere. Chinthu chimene sichinapangidwe sichikhala ndi cholembetsa, kotero palibe choti chigwe.

```
KUNIT_DEFINE_ACTION_WRAPPER(chotsa_wq, destroy_workqueue,
			    struct workqueue_struct *);
KUNIT_DEFINE_ACTION_WRAPPER(imitsa_thread, kthread_stop,
			    struct task_struct *);

	ctx = kunit_kzalloc(test, sizeof(*ctx), GFP_KERNEL);
	KUNIT_ASSERT_NOT_NULL(test, ctx);
	INIT_LIST_HEAD(&ctx->items);
	test->priv = ctx;

	ctx->wq = alloc_workqueue("chitsanzo", 0, 0);
	KUNIT_ASSERT_NOT_NULL(test, ctx->wq);
	ret = kunit_add_action_or_reset(test, chotsa_wq, ctx->wq);
	KUNIT_ASSERT_EQ(test, ret, 0);

	ctx->thread = kthread_run(ntchito, ctx, "chitsanzo");
	KUNIT_ASSERT_NOT_ERR_OR_NULL(test, ctx->thread);
	ret = kunit_add_action_or_reset(test, imitsa_thread, ctx->thread);
	KUNIT_ASSERT_EQ(test, ret, 0);
```

KUnit imabweza zinthu mobwerera m'mbuyo, kuyambira chimene chinalembetsedwa pomaliza, kotero thread imayamba kuimitsidwa, kenako workqueue imachotsedwa, ndipo memory ya `ctx` imabwezedwa pomalizira penipeni. Dongosolo limeneli ndi loyenera chifukwa thread ikhoza kukhala ikugwiritsabe ntchito workqueue ndi `ctx`. Mawu akuti `or_reset` akutanthauza kuti ngati kulembetsako kwalephera chifukwa cha kusowa kwa memory, function yoyeretsayo imaitanidwa nthawi yomweyo, ndipo ichi ndi chifukwa chake ndi yabwino kuposa `kunit_add_action` pa ntchito ngati iyi. Ikatha ntchito imeneyi, `exit` ya chitsanzo chathu ikhoza kufufutidwa yonse.

Chenjezo: musakakamize `destroy_workqueue` kukhala `kunit_action_t` posintha mtundu wa pointer yake. Zimaoneka ngati zikuyenda, koma pa kernel yomangidwa ndi clang yokhala ndi chitetezo cha CFI, kuitana function kudzera pa pointer ya mtundu wina kumagwetsa kernel. `KUNIT_DEFINE_ACTION_WRAPPER` inapangidwira vuto limeneli, ndipo ngati kernel yanu ilibe macro imeneyi, lembani function yaing'ono yolandira `void *` ndi manja.

Ngati mukugwira ntchito pa kernel yakale imene ilibe ma function amenewa, `exit` iyenera kutsala, koma ikonzedwe kuti izipirira `init` yoima panjira. Ikani `test->priv = ctx` memory ikangopezeka, gwiritsani ntchito `kunit_kzalloc` kuti zonse ziyambe zili 0, ndipo pointer ya cholakwika musaisunge mu struct: ilandireni kaye mu variable ya pambali, muifufuze ndi `IS_ERR`, kenako muisunge ngati ili yabwino. Mukatero `exit` imangofunika kufunsa funso limodzi pa chinthu chilichonse:

```
	if (!ctx)
		return;
	if (ctx->thread)
		kthread_stop(ctx->thread);
	if (ctx->wq)
		destroy_workqueue(ctx->wq);
```

Taonaninso kuti `INIT_LIST_HEAD` yasamukira pamwamba. Mndandanda umene wangodzazidwa ndi 0 si mndandanda wopanda kanthu: `list_empty` imafufuza ngati mutu wa mndandanda ukudziloza wokha, ndipo ukakhala NULL imayankha kuti muli zinthu, kotero `list_for_each_entry` imayamba kuyenda n'kugwa. Izi zimakhudzanso thread imene ingayambe kugwira mndandandawo ikangobadwa.

## Gawo 7: Kakamizani khomo lililonse kuti litseguke

Kuyendetsa mayeso kamodzi n'kuona `ok` sikukutsimikizira chilichonse, chifukwa njira imene inagwa ndi ija imene sichitika kawirikawiri. Bwererani ku pepala lanu la m'gawo lachinayi ndipo muyese khomo lililonse palokha. Njira yosavuta ndi kuika `return -ENOMEM;` mongoyembekezera pambuyo pa chinthu choyamba chopangidwa, kumanga, kuyendetsa, kenako kuusunthira mzerewo pambuyo pa chachiwiri, mpaka kumapeto. Nthawi iliyonse mayeso ayenera kunena `not ok`, koma kernel isagwe ndipo magulu ena a mayeso apitirire kuyenda. Khomo la `kunit_skip` liyeseni ndi CPU imodzi, kenako ndi `--arch=x86_64-smp`.

Kernel ilinso ndi njira yake yolepheretsa dala kupempha memory, kudzera pa `CONFIG_FAULT_INJECTION` ndi `CONFIG_FAILSLAB`, imene imayendetsedwa kuchokera mu `/sys/kernel/debug/failslab`. Njirayi imathandiza pamene mayeso amangidwa ngati module, chifukwa mayeso omangidwa mkati mwa kernel amayenda makina akungoyaka, musanapeze mwayi wolemba chilichonse mu debugfs. Kumbukirani kulemba `N` mu fayilo ya `ignore-gfp-wait`, apo ayi zopempha za `GFP_KERNEL` sizidzalephera ndipo mudzaganiza kuti mwayesa pamene simunayese kanthu.

Chenjezo: chotsani mizere yonse yongoyembekezera musanapange commit. Lamulo la `git diff` likusonyezani imene yatsalira.

## Gawo 8: Tsimikizani ndi KASAN, kenako lembani commit

Yendetsaninso zonse ndi `--kconfig_add CONFIG_KASAN=y`, chifukwa kusamutsa khodi yoyeretsa kumabweretsa mosavuta vuto lobweza memory kawiri. Ngati mayeso ali module, `CONFIG_DEBUG_KMEMLEAK` ikuuzani ngati pali memory yotsalira. Pomaliza dutsitsani patch yanu mu `scripts/checkpatch.pl`.

Mu uthenga wa commit fotokozani khomo limene linatsegula vutoli, ikanimo mizere iwiri kapena itatu yofunika ya uthenga wa kugwa, ndipo onjezani mzere wa `Fixes:` wokhala ndi zilembo zosachepera 12 zoyambirira za commit imene inabweretsa cholakwikacho, imene mungaipeze ndi `git blame` kapena `git bisect`.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chofala kwambiri ndi kugwiritsa ntchito `KUNIT_EXPECT` pofufuza pointer imene mizere yotsatira ikufuna kuiwerenga. `KUNIT_EXPECT` imangolemba kuti mayeso alephera n'kupitirira, kotero mzere wotsatira umawerengabe NULL. Pa pointer iliyonse imene mudzaigwiritse ntchito, ikani `KUNIT_ASSERT`. Koma mu `exit` ndi mu ma function oyeretsa zinthu zimatembenuka: kumeneko `KUNIT_ASSERT` imadula kuyeretsa pakati, ndipo zimene zinali zisanabwezedwe zimatsala.

Chachiwiri ndi kusiya `kfree` mu `exit` pa memory imene inatengedwa ndi `kunit_kzalloc`. KUnit idzaibwezanso yokha `exit` ikatha, ndipo memory imodzi idzakhala yabwezedwa kawiri. Ngati pali chifukwa chobwezera msanga, gwiritsani ntchito `kunit_kfree`, ndipo pa zimene munalembetsa ndi `kunit_add_action`, gwiritsani ntchito `kunit_release_action`. Chofanana ndi ichi ndi kusakaniza njira ziwirizi mosasamala: `exit` imayenda zolembetsedwa zisanayambe kuitanidwa, kotero ngati `exit` yachotsa chinthu chimene function yolembetsedwa ikuchifunabe, kernel idzagwa pamalo atsopano.

Ena amapita kukaika chitetezo cha NULL mkati mwa function ya kernel imene `RIP` inaloza, m'malo mokonza mayeso. Kusintha kotereku kumabisa zolakwika za ma driver onse amene amaitana function imeneyo, ndipo osamalira khodi kawirikawiri amakukana. Ena amapyola malire kumbali inayo, n'kumwaza `IS_ERR_OR_NULL` paliponse, mpaka wowerenga sangadziwenso kuti function inayake ikalephera imabweza chiyani. Nayonso `checkpatch.pl` imadandaula ikaona `if (ptr)` patsogolo pa `kfree`, popeza kufufuza kumeneko n'kosafunika.

Chomaliza chimakhudza magulu a mayeso amene amasunga zinthu mu variable za `static` m'malo mwa `test->priv`. Popeza `init` ndi `exit` zimayenda pa mayeso aliwonse a m'gululo, pointer imene inabwezedwa ndi mayeso oyamba imatsala ikuloza memory yakale, ndipo mayeso achiwiri akaima msanga, `exit` imaipeza isali NULL n'kuibwezanso. Kugwa kotereku kumasowa mukayendetsa mayeso amodziamodzi ndi `--run_isolated=test` ndipo kumabwerera mukayendetsa gulu lonse. Mukaona khalidwe limeneli, samutsirani pointer imeneyo mu `test->priv`, kapena muipatse NULL nthawi yomweyo mukangoibweza.